Chimbale cha a Dolly chatiyambanitsa pabaraka

Mwa anthu onse amene ndimawadziwa kuno ku Ulóngwe m'dziko la Mozambique, palibe ndi mmodzi yemwe amene watulutsa metikali kugula chimbale cha rock cha a Dolly Parton, woimba country wa ku America. Koma mudzabwere madzulo pabaraka pomwe timakhala kuseri kwa msika, mudzamve mmene tikukanganirana za malonda ake, mpaka wina kuimirira n'kumaloza mnzake chala. Mvula yagwa, anthu akubzala chimanga ndi kuwokera fodya, ife tili kalikiliki kuwerengera mayi wa ku Tennessee ndalama zake.

Chimbalecho dzina lake ndi Rockstar, ndipo chinatuluka pa 17 Novembala chaka cha 2023. Mayiwa anali ndi zaka 77 pochitulutsa, ndipo ichi ndi chimbale chawo cha nambala 49 mwa zimene ajambula paokha. Muli nyimbo 30, zotenga maola awiri ndi mphindi zoposa 20 kuti muzimve zonse. Zatsopano ndi 9 zokha, zina 21 ndi nyimbo zakale za oimba rock, ndipo pa zambiri aitana eni ake kudzaimba nawo. Mulinso Paul McCartney ndi Ringo Starr a gulu la Beatles, Elton John, Sting, komanso Miley Cyrus amene a Dolly ndi mayi wake wa ubatizo. Gwero lake ndi loti mu 2022 dzina lawo linaikidwa pa oyenera kulowa mu Rock and Roll Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a rock ku Cleveland. Poyamba anakana, amvekere ulemuwo sukuwayenera poti sanaimbepo rock. Anthu anawavoterabe, iwo n'kulandira, ndipo analonjeza kuti basi ajambula chimbale cha rock kuti ulemuwo ukhale ndi pogwira. Ankanenanso kuti amuna awo a Carl Dean, amene anamanga nawo banja mu 1966, anali munthu wa rock kuyambira kale.

Kuno chinabwera ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene amayendetsa thiraki pamsewu wa Beira, Tete mpaka Zóbuè. Anachitsitsa pa intaneti akudikira katundu, n'kubwera nacho pafulashi. Lamulungu titachoka ku Misa tinapita nacho kwa a malume, chifukwa pabanja pathu nyimbo ya country siingatchedwe yabwino a malume asanaigamule.

Iwowa ndiwo anatiphunzitsa tonse. Nthawi ya nkhondo tinathawira kutsidya, mbali ya Ntcheu, monga anachitira anthu ochuluka a kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, ndipo kumeneko wailesi ya MBC ndiyo inali mnzathu. Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers, Skeeter Davis, a Dolly, onsewa tinawadziwira kumeneko. Titabwerera kumudzi pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992, a malume anabwera ndi zinthu ziwiri zimene sankalola mwana kukhudza: njinga ndi wailesi ya kaseti. Ndimakumbukira mmene ankabwezera kaseti m'mbuyo. Sankadina batani, poopa kutha mabatire. Ankalowetsa bolopeni pabowo la kasetiyo, n'kumaizunguliza m'mwamba dzanja lili lendelende, uku akucheza ndi alendo, mpaka tepi yonse itabwerera mbali imodzi. Mabatire akafooka ankawayanika padenga kuti aothe dzuwa. Tepi ikaduka ankailumikiza ndi kachidutswa ka selotepi, ndipo pamalo pamenepo Don Williams ankameza mawu awiri atatu, ife n'kuzolowera nyimboyo choncho. Mpaka lero ndikaimva yathunthu pafoni khutu langa limadikirabe podukapo.

Mu 1997, Don Williams atabwera kudzaimba ku Harare, a malume anatsala pang'ono kupita. Njira anaiwerengera yonse, kutsika ku Moatize, kuwoloka Zambezi pamlatho wa ku Tete, n'kukatulukira ku Cuchamano. Ndalama ndiyo inakana. Nkhaniyi amaikambabe mpaka lero ngati kuti ulendowo unachitika theka.

Ndiye tsiku limenelo tinaika fulashi mu sipika, tonse n'kukhala pakhonde. Nyimbo yoyamba itangoyamba ndi kukuwa kwa gitala yamagetsi, a malume anakweza nsidze n'kuyang'ana alamu. Sananene kanthu. Yachiwiri, yachitatu, anali chete, akusenda mbatata yootcha. Itafika pakati pa yachinayi anafunsa kuti, "Alamu, mwatenga fulashi yolondola?" Alamu anati ndi yomweyo. Iwo amvekere, "Mawu ndi a Dolly, ndawamva. Koma ng'oma zimenezi akuthamangitsana ndi ndani?" Anapirira mpaka nyimbo ya Let It Be, ija aimba ndi akuluakulu awiri a Beatles, ndipo apo anagwedeza mutu n'kunena kuti iyi yokha ili ndi ulemu. Kenako anadzuka kukaona mbuzi.

Chigamulo chawo anapereka mawa lake, ndipo sichinasinthe: mayiwa atitaya. Akuti munthu amene anabadwira m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumapiri, wachinayi mwa ana 12, bambo ake mlimi wa fodya wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, sayenera kukalamba akukuwa ndi anyamata a tsitsi lalitali. A malume mbiri ya a Dolly amaidziwa kuposa mbiri ya mafumu athu a Chingoni. Amakonda kukamba zoti dokotala amene anawabadwitsa mu 1946 analipidwa thumba la ufa wa chimanga chifukwa pakhomo panalibe ndalama, ndipo akafika pamenepa amati, "Si wathu ameneyu?" Kwa iwo country ndi gitala yowuma, mawu omveka bwino, ndi nkhani ya munthu wosauka, wosiyidwa, kapena wopemphera. Chingelezi samva kwenikweni, ngati ambiri a ife amene sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi, koma amati dandaulo silisowa womasulira.

Alamu ndiye anagwira mbali ina, ndipo chida chawo ndi manambala. Patapita sabata ndi masiku anabwera pabaraka foni ili m'manja, akuwerenga mokweza. Chimbalecho chalowa pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard 200, umene umasanja zimbale zonse za ku America posayang'ana mtundu wa nyimbo. Sabata yoyamba yokha nambala ya malonda ake yafika 128,000. M'zaka zonse zimene a Dolly akhala akuimba, kuyambira chimbale chawo choyamba mu 1967, sanafikepo pamwamba chotere. Ankalekezera pa nambala 6, monga zinachitikira ndi Blue Smoke mu 2014. Pamndandanda wa zimbale za country chili pa nambala 1. Alamu anamaliza n'kuika foni pathebulo, amvekere, "Galu wamkota sakandira pachabe. Mayiwa akudziwa chimene akuchita. Inu a malume muli ndi makaseti anu, koma dziko lagula."

A malume anangoti, "Dziko limagulanso kachasu."

Amene anasokoneza zonse ndi mwana wa mlongo wanga wina, amene akuphunzira ku Tete ndipo wabwera kutchuthi. Iye country amaitcha nyimbo za pamaliro. Anaseka nambala ya alamuyo, akuti 128,000 n'chiyani, pamene Taylor Swift masabata atatu m'mbuyomo anapeza zoposa 1.6 miliyoni sabata yoyamba, ndi chimbale chakale chongojambulanso. Anaonjeza kuti sabata imene a Dolly anali pa nambala 3, pamwamba pawo panali Drake ndi Taylor Swift yemweyo, onse ndi zimbale zomwe zinali zitatuluka kale. Alamu anapsa mtima, akuti mwana wa dzulo sangayerekeze gogo wa zaka 77 ndi mtsikana wa zaka 33. Mnyamatayo anati, "Bambo, mwayamba ndinu za manambala. Manambala safunsa zaka."

Pamenepa mnyamatayo ananena zoona, koma sanaone mbali ina ya nambala yomweyo, ndipo ine ndi mbali imeneyi imene yandigwira mtima. Ma 128,000 aja si zimbale zogulidwa zokhazokha. Masiku ano a Billboard amaphatikiza zinthu zitatu. Munthu akagula chimbale chathunthu, kaya CD, kaya mbale yakuda ija ya galamafoni imene yabwereranso m'fasho, kaya chotsitsa pa intaneti cholipira, amawerenga chimodzi. Nyimbo khumi zogulidwa imodziimodzi amawerenganso chimodzi. Ndiye pali kumvera pa Spotify, Apple Music ndi ena otere: mu 2023 kumvera ka 1,250 kwa anthu olipira pamwezi ndiko kunali chimbale chimodzi, ndipo kwa omvera ulere, aja amadulidwa ndi zotsatsa malonda, pankafunika ka 3,750. Oimba achinyamata ambiri nambala yawo imakwera ndi njira yachitatuyi. Koma pa 128,000 ya a Dolly, zoposa 118,000 zinali zogula zenizeni. Kutanthauza kuti anthu awo, ambiri a iwo akuluakulu ngati a malume omwewa, anapita kusitolo kapena kuitanitsa, n'kulipira, n'kunyamula chinthu m'manja. Pa zogula zenizeni sabata imeneyo palibe anawaposa.

Komabe tisanamizane. Chimbalecho anachitulutsa m'mitundu yambiri, mbale za galamafoni za maonekedwe osiyanasiyana, zithunzi zapachikuto zosiyana, ndipo wokonda weniweni amatha kugula ziwiri zitatu za nyimbo zomwezomwezo. Ndi mmene malonda a nyimbo akuyendera kumeneko tsopano, Taylor Swift ndiye katswiri wake. Choncho 118,000 si mitu ya anthu 118,000. Nditawauza alamu zimenezi anandiyang'ana ngati ndawagulitsa.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti mndandanda wonsewo umawerenga za mu America mokha. Ife mulibemo, ndipo sitinakhalemo n'kale lonse. Makaseti a malume anali ojambulitsa kwa mnzawo, amene anajambulitsanso kwa wina. Lero mnyamata wa pakona amakuikirani nyimbo mazana pamemole khadi ndi ndalama yosakwana kugula mkate wa sabata, ena amangotumizirana pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Kwerani chapa cha ku Calómuè kapena cha ku Dómuè, mukapeza dalaivala wachikulire mudzamva Don Williams kapena Kenny Rogers akulira mu sipika kuyambira ponyamuka mpaka pofika. Kutsidya ku Dedza ndi ku Lizulu n'chimodzimodzi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe n'chimodzimodzi. Zaka makumi anayi za kumvera kumeneku sizinalembedwe m'buku la wina aliyense. Kuyeza kukondedwa kwa woimba ndi Billboard kuli ngati kuwerenga chimanga chokhacho chimene chafika pasikelo ya ogula, n'kumati ndizo zokolola zonse za Angónia, kuiwala cha m'nkhokwe chimene anthu akudya.

N'chifukwa chake ndikamva alamu akunyadira nambala 3 ndimawafunsa kuti inu mwaponyapo zingati, ndipo ndikamva a malume akuti mayiwa atitaya ndimafuna kuwafunsa kuti anatitola liti. A malume sindingawafunse choncho pamaso, ndalemba pano poti sawerenga za pa intaneti. A Dolly ndi munthu wa bizinesi, amaimbira amene akugula, ndipo ogula awonetsa kuti chimbale cha rock achilandira. Ife ndife okonda a ulere. Tili ndi ufulu wonena kuti nyimbo iyi yakoma, iyi ayi, koma kukwiya ngati takongoletsa ndalama n'kumene sindikumvetsa.

Ndipo kudandaula kumeneku si kwatsopano. Mu 1967 a Dolly atalowa m'pulogalamu ya pa TV ya Porter Wagoner m'malo mwa woimba wina wamkazi, Norma Jean, anthu ankakuwa dzina la wochokayo iwo ali pasiteji. Mu 1977 atayamba kujambula nyimbo zopendekera ku pop, a country anati watigulitsa, iwo n'kuyankha kuti country sakuisiya, akupita nayo kumene akupitako. Nyimbo ija anaimba ndi Kenny Rogers mu 1983, Islands in the Stream, imene a malume amavina paukwati uliwonse atagwira chipewa pamtima, anailemba ndi a Bee Gees, anthu a disco. Ndinawauza a malume zimenezi ndipo sanakhulupirire, akuti ndikufuna kuwaipitsira nyimbo.

Palinso china chimene ife a kuno sitichiona chifukwa wailesi zathu zimalemekeza zakale. Ku America mawailesi a country oimba okalamba sawapatsa mpata kwenikweni, amafuna achinyamata. Johnny Cash, ndi dzina lake lonse lija, kampani ya Columbia inamusiya mu 1986, ndipo anadzukanso mu 1994 atagwirizana ndi Rick Rubin, wojambula nyimbo za rap ndi rock. Woimba wachikulire akatulutsa chimbale cha country yeniyeni, chomwe a malume akufunacho, amamuombera m'manja, koma sichipita patali. A Dolly zimbale zoterozo anajambula, zitatu zotsatizana kuyambira 1999 mpaka 2002, za banjo ndi gitala yowuma, zokoma zedi, zinawapatsa mphoto za Grammy, koma palibe chinayandikira nambala 3. Amene akulira lero kuti bwanji osaimba country, nthawi imeneyo anali kuti?

Za chimbale chenichenicho, maganizo anga ali pakati, ndipo si chifukwa choopa alamu kapena a malume. N'chachitali mopyola muyeso. Nyimbo 30 munthu sungazimve pakamodzi, ndipo zingapo angoziimba mmene eni ake anaziimbira, kungosintha mawu a woimba, moti umadzifunsa kuti phindu lake n'chiyani. Alendo achuluka, nthawi zina mwini nyumba amasowa. Koma mawu awo akadalipo. Pa zaka 77 akukwerabe pamwamba osanjenjemera, ndipo pa nyimbo zodekha, pomwe ng'oma zatsika, mumamva kuti ndi yemwe uja wa m'makaseti. Ine ndasankhamo zodekhazo ndaika pafoni, zotsalazo ndawasiyira alamu aziyenda nazo usiku pamsewu wa Changara, zimawathandiza kuti asagone pachiwongolero.

Mlongo wanga, mkazi wa alamuwo, nyimbo sanazimvere n'komwe, iye nkhani yake ndi zovala. Pa 23 Novembala 2023 a Dolly anaimba pa nthawi yopuma ya mpira wa ku America ku bwalo la Dallas Cowboys, atavala kakabudula koyera ndi kamalaya kakafupi ka atsikana ochemerera timuyo. Kanemayo anazungulira m'mafoni mpaka kufika kwa amayi a kwaya. Mlongo wanga amvekere, "Achimwene, gogo ameneyu alibe ana omulangiza?" Ndinamuuza kuti ana obereka alibedi, koma kuyambira 1995 bungwe lawo la Imagination Library limatumiza mabuku aulere mwezi ndi mwezi kwa ana aang'ono, ndipo mu 2023 anadutsa mabuku 200 miliyoni, zonsezi poganizira bambo awo aja osadziwa kuwerenga. Iye anati mabuku ndi abwino, koma chitenje chikanathandiza.

Za ndalama, amene akuda nkhawa kuti 128,000 ndi yochepa asavutike mtima. Chuma cha a Dolly sichidalira sabata yoyamba ya chimbale. Iwo nyimbo amalemba okha, ndipo umwini wake anaugwiritsa kuyambira ali wamng'ono. Ija ya I Will Always Love You, imene achinyamata kuno amaiyesa ya Whitney Houston, anailemba ndi a Dolly mu 1973 potsanzikana ndi Porter Wagoner. Elvis Presley anaifuna, koma woyang'anira zake, Colonel Tom Parker, anati pokhapokha apatsidwe theka la umwini. A Dolly anakana, ngakhale kuti zinawaliza. Mu 1992 Whitney ataiimba, dziko lonse n'kuigula, ndalama ya wolemba inapita kwa iwo yonse.

Amene kusagula kwathu kumamupweteka ndi wina, wapafupi. Pali mnyamata kuno amene anajambula nyimbo zake zauzimu, anagulitsa mbatata ya kachewere ya munda wonse kuti alipire situdiyo kutsidya. Anabwera ndi ma CD m'chikwama n'kumagulitsa pakhomo la tchalitchi. Sabata isanathe nyimbo zake zinali pamemole khadi iliyonse mumsika, zikulira m'mabaraka, aliyense akumuyamikira, chikwama chikadali chodzaza. Masiku a makaseti oimba a ku Malawi ankatha kunena kuti ndagulitsa makope mwakuti, chifukwa panali masitolo ku Limbe ndi ku Lilongwe amene ankagula n'kumagawa. Lero ngakhale nambala yoti akanganirane pabaraka mnyamatayu alibe. Pa mkangano wathu wonse wa Billboard iye anakhala pakona akumwa Fanta, osalankhula, ndipo titamufunsa maganizo ake anangofunsa alamu ngati angamunyamulire ma CD khumi akawayese ku Moatize.

Alamu analola, ndipo anagulanso imodzi pomwepo, mwina chifukwa cha manyazi poti anali atangomaliza kutiphunzitsa za kufunika kwa malonda.

A malume sanagonje. Atumiza mdzukulu wawo kuti ndiwafufutire Rockstar yonse pamemole khadi yawo, kusiyapo ija ya ulemu ija. Ndinawauza kuti ngati akufuna wokalamba amene sanasinthe njira, Willie Nelson anakwanitsa zaka 90 mu Epulo 2023 ndipo mu Seputembala anatulutsa chimbale cha banjo ndi magitala owuma okhaokha, dzina lake Bluegrass. Anaganiza kaye, kenako anati ameneyo amaimbira m'mphuno ndipo sanamukondepo, koma ndiwaikirebe, aone ngati ukalamba wamuchiritsa chimfine. Alamu akuti akabwera ulendo uno adzatiuza kuti chimenecho chinafika pa nambala chani, ndipo a malume awauza kale kuti foniyo adzaisiye m'thiraki.